Mwala wa Depoti

Mukatsika minibasi pa depoti ya Namalowe, pamsewu wopita ku Namitambo, dziwani kuti mwaponda m'munda mwanga. Pamene pamaima magalimoto opita ku Limbe ndi pamene ndinkadzala mbatata, ndipo chitsa chimene makondakitala amakhalira akamatafuna chinangwa chinali mtengo wa mango umene anadzala mayi anga.

Ine ndine Dainess. Mundawo anandisiyira mayi, iwonso anawasiyira anganga amene anachokera ku Mozambique ali kamtsikana. Ine ndinayenera kusiyira mwana wanga Easter, chifukwa kwathu kuno nthaka imatsata ana aakazi. Mwamuna amabwera, amamanga, amalima, koma munda ndi wa mkazi. Pakhomo pathu m'pothinana kale ndi nyumba za azichemwali anga, moti nkhuku ikaikira dzira timakangana kuti yaikira kwa yani. Malo okhawo amene Easter akanamangapo ndi kulima anali munda wa kumsewu uja.

Mwamuna amene anabwera kwa ine ndi a Stanford, a ku Phalombe. Ndisaname, anali mkamwini wosiririka. Mowa sankamwa, khasu ankaligwira ngati wobadwa nalo, ndipo poti anagwirapo ukalaliki ku esiteti ya tiyi, mudzi wonse unkabwera kudzawalembetsa makalata. Akazi anzanga ankati ndinatola chikwama. Mayi anga okha ndiwo ankati akawayang'ana amapukusa mutu n'kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinkakwiya nawo mawu amenewo, mpaka tsiku lina ndinawayankha mwamwano. Anamwalira ndisanawapepese, ndipo lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Chinali chaka cha 1998. Matipate atabwera, boma linasiya kungolamula, linayamba kufunsa maganizo, ndipo ife anthu osazolowera kufunsidwa tinatupa mitu. Kunabwera galimoto yoyera ya anthu a mapulani. Wowatsogolera anali mtsikana wovala thalauza, dzina lake Thandie, mapepala opiringa ali m'khwapa. Anatiuza kuti Namalowe ikukula ngati bowa, aliyense akungomanga pamene wafuna. Sananame. Maokala anali atadya theka la msewu, maminibasi ankaima paliponse, chimbudzi cha pamsika kunalibe, ndipo dzinja lapitalo kolera inali itatenga anthu asanu. Anati akufuna pulani ya zaka makumi awiri: msika pake, depoti pake, mipopi ya madzi, misewu, ndi mapuloti oduladula bwino. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

Panasankhidwa komiti, ndipo mlembi anakhala a Stanford. Akanakhala ndaninso? Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Sabata yoyamba anyamata a mapulaniwo anayenda khomo ndi khomo ndi mafomu. Funso loyamba linali lakuti mutu wa banja ndani. A Stanford anali pomwepo pakhonde, ndiye ine ndikanati chiyani? Mkazi wanzeru sachotsa mwamuna wake ulemu pamaso pa alendo. Ndinati ndi bambowa. Mnzanga Tatu, amene amagulitsa mandasi pamsika, nayenso anatchula mwamuna wake a Asumani, ndipo madzulo tinaseka kuti amuna athu akwezedwa pantchito popanda malipiro. Kenaka ndinawatenga anyamatawo n'kuwayendetsa m'malire mwa munda wanga, kuwaonetsa nkhadze iliyonse imene anganga anadzala. Iwo ankalemba, ine ndikulongosola, osadziwa kuti zonsezo zikulowa pansi pa dzina lija ndinatchula pakhonde.

Tsiku lalikulu linali lojambula mapu. Thandie anati sakufuna kutijambulira ali ku ofesi, tijambule tokha pansi ndi ndodo, pabwalo la sukulu. Amuna anayamba, koma anasokoneza, mtsinje anauika kumtunda kwa tchalitchi. Akazi tinaseka, ndipo ine ndinalanda ndodoyo. Malire a ku Namalowe ndimawadziwa ngati zala zanga. Ndinajambula msewu, mtsinje, manda, minda yonse ndi eni ake. Pa msika tinaika chitsononkho, pa mipopi tinaika zitsekerero za mabotolo. Itafika nkhani ya depoti, ndinatola mwala wofiira waukulu ngati chibakera, n'kuuika pa dibi yakale, pamene kale ankasambitsira ng'ombe. Malo ake ndi amiyala, salima munthu, ndipo alibe mwini. Aliyense anavomera. Thandie anandigwira dzanja n'kunena kuti ndikanapita kusukulu ndikanamulanda ntchito.

Apa ndiye pamene tinapusira. Masiku angapo m'mbuyomo Thandie anali atanena mocheza kuti amangomva za kalongonda koma sanalaweko. Mlomwe ngati ine ungamuuze zimenezo iye n'kugona tulo? Kalongonda si nyemba wamba zoti waika pamoto wachokapo. Amafuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi alendo ako uwaledzeretsa kapena kuwapha kumene. Tinayamba dzulo lake. Ndiye dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, Tatu anandinong'oneza kuti miphika yatsala yokha ndipo nkhuku sizinasosoledwe. Ndinaika ndodo pansi. Akazi tonse tinanyamuka, eni minda onse a ku Namalowe, ulendo wa kuseri kwa sukulu kukaphikira alendo. Pabwalo panatsala amuna, akuti amalize tinthu ting'onoting'ono totsala.

Alendo anadya, Thandie anapempha kuwonjezera, galimoto yoyera inapita. Panatha chaka, china, chinanso, kuli zii. Tinati zapita ngati malonjezo ena a boma.

Pa zaka zimenezo Easter anakula, ndipo kunabwera mnyamata wopala matabwa wa ku Likoswe, dzina lake Nikodemo. Ankhoswe atamvana, ndinamutenga mnyamatayo n'kumuonetsa malo pafupi ndi mtengo wa mango. Anayamba kuumba njerwa pomwepo, Easter akumutungira madzi. Ndinkawapeza akukangana za kumene khomo lidzayang'ane, iye akuti kumsewu, Easter akuti kumtengo. A Stanford ankadutsa, kuyang'ana njerwazo, osanena kanthu. Ine ndinkati ndi nsanje ya bambo amene mwana wake wamkazi akukwatiwa.

Chakumapeto kwa 2001, uvuni wa njerwa utangozizira, kunabwera amuna anayi ndi zikhomo zachitsulo. Anakhoma chimodzi pakati pa mbatata zanga, china kuseri kwa uvuni, n'kuthira simenti. Nditawafunsa anati pano ndi pa depoti, mayi. Ndinathamangira kunyumba mpango uli m'manja. A Stanford anandikhazika pansi, anati anthu a boma amalakwitsa kawirikawiri, iwo apita okha ku Boma akakonze. Anapita kawiri. Ulendo uliwonse ankabwera ndi sopo kapena shuga, ndi mawu akuti akuti tidikire.

Anandidzutsa ndi Tatu. Anati, "Asikana, munda ndi wanu, miyendo muli nayo. Mukutuma munthu bwanji ngati mwathyoka?"

M'mawa mwake tinakwera matola tonse awiri. Thandie tinamupeza, atanenepako, mphete ili pachala. Anandizindikira msanga, anati ndinu mayi a kalongonda aja. Anatambasula chipepala chachikulu patebulo, chokongola ndithu, chamitundumitundu, misewu yowongoka ngati yolemba ndi lula. Anandionetsa depoti. Ndinamuuza kuti ife mwala wa depoti tinauika pa dibi yakale, ndipo ndinauika ndine ndi dzanja langali. Anakwinya nkhope pang'ono, anatsegula kabati, n'kutulutsa chithunzi chimene anajambula tsiku lija asanadye.

Mizere inali yanga ndithu. Mtsinje, manda, chitsononkho pa msika. Koma mwala wofiira uja sunali pa dibi. Unali pakati pa munda wanga. Pambali pake panali munthu atanjuta, chala chikuloza mwalawo, akumwetulira kamera. Malaya ake anali oyera aja ndinawasita m'mawa wa tsiku lomwelo, mpaka ndinapsa chala ndi khala la m'simbi.

Thandie analongosola modekha, akuganiza kuti akundikumbutsa chinthu chabwino. Anati akazi titachoka, mlembi wa komiti anaimirira n'kunena kuti dibi ili kutali ndi msewu, maminibasi sangavomere kulowa kumeneko, ndipo iye chifukwa chokonda chitukuko akupereka munda wake. Amuna onse anaomba m'manja. Panalembedwa kuti mwini malo wavomera, mlembiyo anasaina. Ndipo monga mwa dongosolo, wopereka malo anapatsidwa chipukuta misozi cha mitengo yake ndi puloti ya kumsewu, nambala 14. Anailandira chaka chatha.

"Mundawo si wake," ndinatero. "Ndi wanga. Wa mayi anga."

Thandie anatsegula fomu ija, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi, koma dzinali munatchula ndinu."

Ndinafuna kumulalatira, koma ndikanamulalatira chiyani? Mwana wa eni anakulira m'tauni, anafunsa funso limene anamuphunzitsa kusukulu, ine n'kuyankha yankho limene anandiphunzitsa kwathu. Anati pulani inavomerezedwa kale kumtunda, yadindidwa, kuisintha ndi nkhani ya zaka. Anapepesa kangapo, maso ali pansi. Sanatiperekeze.

Puloti nambala 14 ndinkaidziwa. Inali tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi munda wanga, ndipo panali pakumangidwa sitolo ya zipinda zitatu imene anthu ankati ndi ya bwana wina wa ku Limbe. Ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku. Mafelemu a zitseko zake anakhoma ndi Nikodemo, ndipo amene anamupezera ganyuyo ndi a Stanford, ife n'kumawathokoza kuti akuganizira mkamwini mnzawo.

M'matola pobwerera sindinalire. Analira ndi Tatu, atakumbukira kuti a Asumani nawonso anali pabwalo paja. Amuna onse a ku Namalowe anadziwa nkhaniyi zaka zitatu, akudya m'mbale zathu, akugona pamphasa zathu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene inamupulumuka pakamwa. Anthu omwewo amene sangasunge chinsinsi cha mbuzi yobedwa mpaka kutuluka kwa dzuwa.

Ndinawapeza a Stanford akukonza mpini wa khasu pansi pa nkhokwe, dzuwa likupendeka. Sindinakhale pansi.

"Bambo a Easter, ndachokera ku Boma. Chithunzi chanu ndachiona. Mwatuluka bwino."

Anaika mpini pansi. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena agwada, koma anangopuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti munda umenewo aulima zaka zingati. Ndinati makumi awiri ndi ziwiri. Anandifunsa ngati ndikukumbuka zimene zinachitikira a Mikaele, mkamwini wa kumunsi kwathu, amene mkazi wake atamwalira abale a mkaziyo anamupatsa mphasa ndi chikwanje n'kumuonetsa njira, nyumba ya malata yomanga yekha akuisiya. Ndinati ndikukumbuka.

"Iwe ukafa mawa, ine ndipita kuti?" anatero. "Ku Phalombe ndani akundidziwa? Ndakalamba pano ngati mlendo. Ndinangofuna kadothi kamene munthu sangandiuze kuti nyamuka."

Mawuwo anandilasa, ndisabise, chifukwa munali zoona. A Mikaele ndinawaona ndi maso anga akupita, ndipo sindinatsegule pakamwa. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa chisoni.

"Mukanandipempha ine," ndinatero. "Mukanati make Easter, ndili ndi mantha. Mwina ndikanakana, mwina tikanadula kachigawo. Koma inu munadikira ndipite kumoto. Ndipo njerwa za mwana wanu munkaziona akuumba, dzuwa likumuwotcha, inu mukudziwa."

Za njerwazo anazilumpha. Anangoti sitoloyo idzakhala ya ana onse, ndipo Easter akafuna atha kukhala m'chipinda cha kuseri. Ndinawafunsa ngati pakhonde la sitolo pamamera nandolo.

Achimwene anga a Goliati, amene ndi eni mbumba, anabwera kuchokera ku Limbe atalusa ngati njati. Ankhoswe anakhala pansi kawiri, mudzi wonse unavomereza kuti munda unali wanga, ngakhale amuna aja anavomera, maso ali kuzala za kumapazi. Koma kuvomera kwa mudzi kulibe chidindo. A Goliati anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kulikonse akuwaonetsa fomu yomweyo ndi siginecha yomweyo. Atatopa anandiuza kuti chatsala m'manja mwanga ndi chimodzi chokha, chimene mkazi aliyense wa kuno ali nacho. Ndinachichita. Ndinatulutsa sutikesi yawo, khasu ndi mphasa, n'kuziika pabwalo. Akamwini ena akathamangitsidwa amayenda ulendo wa tsiku lonse, misozi ili m'maso. Anga anangowoloka msewu.

Katapila inabwera mvula itangosiya. Nkhadze za anganga inazizula m'mawa umodzi, mtengo wa mango anaudula ndi makina, ndipo njerwa zimene Nikodemo sanathe kututa anaziphwanya n'kuzisalaza kuti pansi palimbe. Ndinaimirira pamsewu n'kuonerera zonse, chifukwa ndinati munda wa mayi anga sungafe popanda wouperekeza.

Ndisachite kunama, depotiyo inatithandiza. Maminibasi anasiya kuima pakati pa msewu, mpopi unabwera, chimbudzi chinamangidwa, kolera sitinaionenso. Anthu akamayamikira ndimangoti eya. A Stanford pa mwambo wotsegulira anawaitana kutsogolo monga munthu amene anapereka malo, ndipo anavala malaya oyera. Sindikudziwa anawasitira ndani.

Ukwati wa Easter unachedwa chaka chathunthu. Chipinda cha kuseri kwa sitolo anachikana yekha, ine sindinamuuze. Pomaliza akwawo kwa Nikodemo anati basi mtsikanayo abwere ku Likoswe, akakhale kuchimuna, adzamubwereka kachigawo m'munda wa alamu ake. Kubwereka. Mwana amene anabadwa ndi munda wake, chidzukulu cha anganga, kukalima mizere isanu ya eni ake, kumayang'ana nkhope za azilamu kuti lero adzuka bwanji. M'mbumba mwathu chichokereni ku Mozambique panalibe mwana wamkazi amene anachoka pamudzi.

Tsiku lonyamuka ndinamusenzera mtolo wa ziwiya mpaka pa depoti. Tatu ananyamula nkhuku ziwiri. Minibasi imene inali pamzere tsiku limenelo inaima pafupi ndi chitsa chija, ndipo pansi pa matayala ake pankaoneka tizidutswa ta njerwa tofiira. Tsidya lina a Stanford anatuluka pakhonde la sitolo yawo, anakweza dzanja. Easter sanawayang'ane, inenso sanandiyang'ane. Anakhala pawindo, maso ali pansi, akuyeza ndi maso kuchokera pachitsa kufika pamene panaima galimoto.

"Amayi," anatero, "khomo likanakhala apa, eti?"

Ndinati eya, likanayang'ana kumtengo, monga unkafunira.

Kondakitala anamenya chitseko ndi chikhatho, galimoto inanyamuka. Ndinatsala nditaimirira pamenepo mpaka mnyamata woitanira anandiuza kuti mayi sunthani, mwaima pamalo a minibasi.